Ine ndi Apongozi, Khomo Limodzi

25 Okutobala 1943, Lolemba. Kapata.

Rosina wapita. Lole ya a Samson, kumbuyo matumba a mchere, iye kutsogolo chifukwa cha pakati. Akukadikirira ku chipatala cha mishoni ku Tamanda. Mng'ono wake Felesita ali komweko, azimuphikira. Mwezi wake ndi wamawa, koma pambuyo pa zija za chaka chatha sitikufuna kuyesanso Mulungu.

Edita sanalire, akuti ndi wamkulu. Andireya walirira onse awiri, kenaka wapempha masuku.

Kutentha koopsa. Nyenje kuyambira m'mawa, ngati munthu akunola mpeni m'khutu mwanga. Chubu cha njinga ya aphunzitsi ndinachiiwala padzuwa, chaphulika chokha. Ndiwauza kuti chinali chokalamba.

Mawa akubwera apongozi, aNankhoma, amake Rosina, kudzasunga ana. Nyumba yathu zipinda ziwiri, khomo limodzi. Chikwatireni sindinawayang'anepo kumaso, ndiwo mwambo. Ndimadziwa zidendene zawo ndi katsokomoledwe kawo basi. Kumudzi kuthawana nkosavuta, tchire lilipo. Kuno tithawira kuti?

26 Okutobala, Lachiwiri.

Afika masana, mtolo pamutu, thadzi m'khwapa. Ine ndili chogwada pakhomo penipeni, ndikumanga masipoko. Ndinangoona zidendene. Ndathawira kuseri sipanala ili m'manja, ndakhala komweko mpaka dzuwa kupendeka. Mwini njinga anadikira, natopa, nanyamula gudumu lake pamutu.

Malonje tachita kudzera mwa Edita. Iwo m'nyumba, ine kuseri kwa khoma, mwana kuthamanga uku ndi uku. Atatopa anayamba kufupikitsa. Agogo ake ayankhula nthawi yokwanira kupsa nyemba, iye kudzafika kwa ine: akuti zonse zili bwino.

Ndasamukira m'chisakasa chokonzera njinga. Pogona pakati pa matayala akutha. Lamulo: wofuna kudutsa pakhomo atsokomole kaye.

A Asmani, telala woyandikana nafe, aseka mpaka makina kuima. Akuti awo apongozi ali kutali ku Nyasalande, ndipo ndi dalitso limene saiwala kulithokoza popemphera.

28 Okutobala, Lachinayi.

Edita amakhala kusukulu m'mawa wonse. Andireya ndi mthenga wosadalirika. Amutuma kudzanena kuti nkhuni zatha, iye kufika nkuti agogo akufuna suwiti. Ndiye apongozi apeza njira yawo, akuyankhula ndi nkhuku ija. Ndikumata chubu ndamva: "Iwe nkhuku, m'nyumba muno mchere mulibe. Kaya eni ake akudziwa." Ndikanatani? Ndauza pampu kuti mchere ubwera madzulo.

Mthunzi pano ndi umodzi, wa mtengo wa mango. Denga la chisakasa ndi la madebe, masana mkati ngati mu uvuni. Takhala tonse pansi pa mango, iwo mbali iyi ya thunthu, ine mbali inayo, misana kulozana. Koma mthunzi umayenda. Posakhalitsa wonse unali kwa iwo. Ine padzuwa, mutu kuwira, kusuntha osatheka. Kenaka chipanda cha thobwa chinatulukira m'mbali mwa thunthu, chikukankhidwa ndi mthiko. Lozizira, la mumtsuko. Lokoma kuposa la Rosina. Izi zithere muno.

31 Okutobala, Lamulungu.

Tsoka. Iwo anatsogola ku tchalitchi ndi ana, ine pambuyo monga tinapangana. Osadziwa kuti aiwala mpango, akubwerera. Takumana pakanjira kopapatiza ka kudambo, pokhota. Ine kulumphira kutchire. Iwonso kulumphira kutchire. Mbali imodzi. M'chitedze.

Ulaliki sindinaumve. Ine kumbali ya abambo kukhula msana pakhoma, iwo kumbali ya amayi kugwedezeka ngakhale nyimbo itatha. Potuluka mkulu wa mpingo wandigwira dzanja, akuti anaona misozi yanga, mawu andifika pamtima.

Amayi Mwasiti, akazi a Asmani, abweretsa phulusa ndi mafuta a nsatsi m'zigoba ziwiri, china kwa ine china m'nyumba. Sanafunse kanthu. Atangolowa kwawo ndawamva akuphulika, iwo ndi amuna awo.

Madzulo nkhuku yauzidwa kuti anthu ena akamathawa aziyamba aona komwe mnzawo walowera. Kenaka kaphokoso kachilendo m'nyumba. Ndinayesa akulira. Amaseka.

3 Novembala, Lachitatu.

Ntchito yachepa. Matayala atsopano kulibe m'masitolo monse, akuti mphira wonse wapita kunkhondo. Anthu akufuna chigamba pamwamba pa chigamba, ndipo polipira akuti mwezi ukatha. Nsomba zouma zimene ndinamulonjeza Rosina ndigula ndi chiyani?

Ndatseka msanga, ndatenga ana kumtsinje. Madzi atsala m'zithaphwi, olekeza m'mawondo, koma madzi ndi madzi. Andireya wagwira nkhanu, nkhanu yamugwiranso. Edita wanditsuka kumsana ndi mwala monga amachitira amake, nkundiuza kuti girisi ndili naye mpaka m'makutu. Pobwerera masuku, tadya mpaka milomo kumata. Pamwamba pake mango aawisi ndi mchere ndi tsabola. Amake akanakhalapo tikanaona zakuda.

Njira yadutsa m'mphepete mwa dambo lija azimayi anakasiya kamwana kathu chaka chatha. Malo enieni sindiwadziwa, amuna sapitako. Edita amakumbukira. Sikanalire nkomwe kamwanako, ndipo Rosina anatsala pang'ono kukatsatira. Ndamunyamula Andireya paphewa ngakhale sanapemphe.

6 Novembala, Loweruka.

Mawu ochokera ku Tamanda, abwera ndi munthu wogulitsa mphasa. Rosina ali bwino, miyendo yatupa, akufuna nsomba zouma, ndipo akufunsa ngati ine ndi amayi ake tonse tikadali moyo.

Masiku ano belu la njinga yanga ndimalipeza litapotoka. Ndinakalipira Andireya, iye kukana mpaka misozi. Lero ndabwerako msanga kumsika, ndamva ngiri ngiri. Kusuzumira pampanda: apongozi, okhaokha, akuliza belu, kudikira mawu athe, kulizanso, mutu atapendeketsa. Ndawaona tsaya lokha. Mwina ndalakwa. Ndabwerera chammbuyo mpaka pamsewu, nkuyamba kutsokomola kuchokera kumeneko.

Ndakhomera belu lakale pamphuthu ya chitseko. Ndauza pampu kuti kutsokomola kwandipweteka pakhosi, tiziliza ili. Chikhomereni silinapume. Munthu mmodzi sangadutse pakhomo kochuluka chotere.

Andireya ndamupepesa ndi suwiti. Wafunsa ngati ndingamunamizirenso mawa.

8 Novembala, Lolemba.

Bango loyamba kupsa mumtengo wathu wa mango. Tonse takhala tikuliyang'ana kuyambira sabata yatha, aliyense kunamizira kuti akuona mitambo. Lero masana lagwa lokha, thi, pakati penipeni pa mphasa yawo ndi mpando wanga. Ine kulitenga, ndiye kuti ndalanda akulu. Iwo kulitenga, ndiye kuti adya za eni nyumba. Nkhuku yauzidwa kuti eni mtengo adye. Pampu yauzidwa kuti alendo ndiwo ayambe. Tikadali kupatsana ulemu, mbuzi ya a Asmani yadutsa pampanda.

Yasiya nthangala yokha, yoyera bwino.

Edita amuluka tsitsi agogo ake, mizere yaing'onoing'ono ya kumudzi. Wayenda Kapata yense kutumidwa zinthu zimene palibe wamutuma.

10 Novembala, Lachitatu.

Mvula! Mitambo kuchokera kuphiri la Kanjala, mphepo, fumbi m'maso, kenaka madontho akuluakulu pamadebe anga ngati ng'oma. Fungo la dothi. Ana kuvina pabwalo opanda malaya. A Asmani kuthamanga ndi makina awo atawafunditsa mkanjo wa mwini wake wosatha kusoka.

Dzuwa likulowa, inswa pachulu cha kuseri. Kapata yense ndi mabeseni, malichero, miyuni ya udzu. Ana, nkhuku, achule, tonse ntchito imodzi. M'chipwirikitimo ndakalipira munthu wa pambali panga kuti agwire beseni bwino, zikuthawa. Wagwira bwino. Kuyang'ana pansi, zidendene zija.

Inswa zokazinga, kamchere, mafuta kuchucha m'zala. Mbale yanga inali yodzaza kuposa masiku onse. Zina taanika, za Rosina.

Chisakasa chikudontha paliponse. Apongozi auza mtondo kuti pakhonde mpouma.

12 Novembala, Lachisanu.

Palibe mawu ochokera ku Tamanda. Gudumu la mesenjala wa ku Boma ndalimanga mokhota, ndamasulanso. Belu la pakhomo silinalire lero.

13 Novembala, Loweruka.

A Samson afika m'mawa, lole yonse matope. Rosina wayamba dzulo, zikuvuta, akuti mwana wagona chopingasa. Akuitana amayi ake. Lole sibwerera, petulo wa mwezi uno watha.

Ndinaima pabwalo ngati chitsa. Kenaka mawu kumbuyo kwanga, osati kwa nkhuku, osati kwa mtondo. "Bambo a Edita, njinga yanuyi inganyamule anthu awiri?"

Chubu chakumbuyo chilibe pomata, tayala ndalitsendera udzu. Ana kwa amayi Mwasiti. A Asmani asoka msangamsanga kapilo ka nsanza koika pakaliyala, ndalama akana. Sakusekanso.

Tikunyamuka.

16 Novembala, Lachiwiri. Tamanda.

Wamoyo. Onse awiri amoyo. Wamkazi.

Ndilembe za ulendo ndisanaiwale.

Anakhala pakaliyala chammbuyo, msana wawo kumsana wanga, maso komwe tikuchokera, kuti ulemu usatheretu. Anthu m'njira kuima, amayi kutula mitsuko kuti ationetsetse. Pachitunda choyamba gudumu linaterereka, tonse m'matope. Ndinawadzutsa ndi dzanja langali, nkuwaona nkhope yonse. Ya Rosina yeniyeni, yokhwima chabe, mpata wa mano womwewo. Iwo anati, "Basi, taonana. Palasani."

Kuyambira pamenepo pakamwa pawo sipanatsekeke. Munthu amene ndinkamuyesa wofatsa! Ndamva za mbuzi iliyonse ya kumudzi, za malemu apongozi aamuna ndi ulesi wawo, za mmene Rosina anabadwira, nayenso chopingasa, m'munda wa mawere, nkukhala moyo. Iyi anaibwereza pachitunda chilichonse. Ndinazindikira mochedwa kuti sankauza ine, ankadziuza okha.

Ndamvanso kuti ndimatafuna mokweza, ndimalekerera ana, ndipo nthawi imene ndinkafunsira Rosina iwo mtima unali pa mphunzitsi wina wovala nsapato. Mphunzitsiyo akuti tsopano ali ndi akazi atatu ndipo nsapato anagulitsa. Ndiye ndakhululukidwa.

Udzu wa m'tayala unkaphwanyika, nkumatsala gudumu lokha pamiyala. Iwo kuzula wina m'mbali mwa njira, ine kutsendera. Mvula inatitsekereza pamudzi wina, anthu abwino, anatipatsa pogona ndi mbatata. Tinafika Lamulungu anthu akulowa m'tchalitchi. Felesita anatithamangira akulira. Njinga ndinaisiya kugwa. Apongozi anamugwira mapewa nkumugwedeza mpaka mawu atuluke. Anamwino anamutembenuza mwana, wabadwa mbandakucha.

Amuna salowa. Ndinaima kunja kwa zenera, nkumva kulira. Kolimba, kwaukali, ngati kambuzi komangidwa. Ndinakhala pansi pomwepo m'matope. Sindinafune kuti amutonthoze msanga.

Dzulo andilola kumuona Rosina. Wafooka, milomo yoyera, mawu apansipansi. Koma atamva mmene amake anakhalira pakaliyala waseka atagwira pamimba, mpaka anamwino kunditulutsa. Inswa wadya zonse, sanagawireko munthu. Wafunsa nsomba zouma. Zili pakhonde ku Kapata.

18 Novembala, Lachinayi. Tamanda.

Rosina atsala kuno mpaka alimbe, Felesita amuyang'anira. Ife tibwerere kwa ana. Dzina apereka apongozi: Zelipa, la amayi awo. Sindinafunsidwe. Ndi labwino. Ndamunyamula m'mawa uno, wopepuka ngati mkate, wandiyang'ana ndi diso limodzi nkugonanso.

Apongozi andikhazika pansi pakhonde la Felesita, maso ndi maso. Kumudzi sabwerera mpaka tidye chimanga chachiwisi. Chisakasa ndifolere ndi udzu ngati munthu. Andireya asiye suwiti. Ndipo ali ndi mlongo wawo ku Katete amene sanamuone kalekale, tsopano aona okha kuti njinga imafika kulikonse. Ntchafu zanga zamva zimenezi, zayamba kupweteka pomwepo.

Akuti lero akhala choyang'ana kutsogolo, azindiuza pomwe pali maenje, popeza ine maso ndili nawo koma ntchito yake sindiidziwa. Ndati ndiyambe ndatsendera udzu wina m'tayala. Akuti udzu uli m'njira.

Akwera kale. Njinga yatsamira pamtengo, iwo ali pamwamba, mtolo pamiyendo, akundiitana.