Tadala Apita ku Denmark

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku South Bend tilipo. Kuzizira kwatha, ndipo m'kadimba kanga ka kuseri kwa nyumba ndafesamo mpiru ndi maungu, ngakhale chaka chatha agologolo anandimalizira chimanga chonse. Ntchito ndi yomwe ija, kusambitsa ndi kutembenuza nkhalamba za eni ake, ine amene ndinalephera kubwera kumaliro anu. Kumudzi mpongozi wanu, mkazi wa achimwene Lameki, wachira. Ndi mwana wamkazi, amutcha dzina lanu.

Koma chandilembetsa ndi china. Ndakumana ndi a Mtalimanja.

Mukuwakumbukira? Mzungu wa ku Denmark uja, amene ankatiphunzitsa badiminitoni ku Blantyre ndili Fomu 3. Munkaseka kuti munthu wamkulu ndithu angamathamangitse bwanji kampira ka nthenga. Kwawo anali katswiri wa dziko lonse, anakapambananso ku England, mpaka mtsempha wa bondo unaduka ali pabwalo, ndiye anayamba kuphunzitsa ena. Ndi iwo anandiuza kuti mkono ngati wanga supezekapezeka, n'kundipezera malo ku kalabu ya kwawo, sukulu ndi pogona pomwe.

Cholakwa chawo chinali chimodzi. Anabwera kunyumba, anakhala pampando ndi abambo, anagwirana chanza, n'kumapita poganiza kuti nkhani yatha. Amalume a Gomani, mwini mbumba, anamva kwa anthu. Anati mwana wa mlongo wawo sapemphedwa kwa mkamwini, choncho sindipita kulikonse. Inu munali pamphasa pomwepo, amayi, mukusankha nyemba. Ndinkakuyang'anani, koma simunadzutse mutu. Kenako munangondiuza kuti mawu a akulu amakoma akagonera. Agonera zaka zonsezi, sanakomebe, ndipo mpaka lero ndimakukwiyirani.

Mwezi watha ndinapita ndi mdzukulu wanu Tadala ku Indianapolis, kumene kunali maphunziro a badiminitoni a ana. Ndimamuphunzitsa ndekha mu holo ya tchalitchi ndikaweruka. Titalowa ndinaona nkhalamba itakhala pampando pafupi ndi neti, ndodo pambali, ikuponyera ana timipira chikhalire. Ine ndinawazindikira nthawi yomweyo, iwo ayi, poti ndanenepa. Tadala atamenya kangapo, a Mtalimanja anamuimitsa n'kufunsa amene anamuphunzitsa kupotoza mkono motero. Mwana analoza ine. Iwo anandiyang'anitsitsa, kenako anatchula dzina langa la utsikana. Atandifunsa kumene ndinakasewera pambuyo pake, ndinayankha kuti sindinasewerenso. Ndinakalirira m'galimoto, Tadala asaone.

Tsopano akufuna Tadala apite ku kalabu yomwe ija pa tchuthi cha chilimwe, ndipo akachita bwino adzabwererenso. Ulendo uno anafunsa okha kuti amalume a mwanayu ndi ndani kuti awaimbire foni. Mwaona, mzungu anaphunzira. Ife ndi amene sitinaphunzire.

Popeza amalume a Gomani anakutsatirani, mwini mbumba pano ndi achimwene Lameki. Achimwenewo amangomudziwira Tadala pachithunzi, koma anakana osaganiza n'komwe. Akuti mtsikana wotha msinkhu sangakakhale yekha kwa azungu, n'kumalumpha ndi kasiketi kafupi anthu akuona. Nditawaumiriza, anandiuza kuti ndikamutumiza ndadzichotsa ndekha pa mbumba, ndipo ndisaoneke pa mwambo wa chiliza chanu mu Ogasiti. Amayi, chiliza chimenecho ndachidikira bwanji. Ndinkati ndidzagwada pamenepo ndikulireni bwinobwino, osati pafoni.

Dzulo Tadala anandifunsa, m'Chingerezi chake chija, ngati akupita kapena ayi. Raketi anali ataipukuta kale n'kuiika m'chikwama. Ndinamuuza kuti akupita.

Choncho mukadzaona anthu atasonkhana, nyimbo zikuimbidwa, ine kulibe, musadzafunse kwa achimwene, adzakuuzani zawo. Ndakuuzani ndekha. Ndikulonjeza kuti tsiku lina ndidzabwera mwakachetechete ndi Tadala, tidzasese pamanda panu ife awiri, osapempha chilolezo kwa munthu.

Ndimakukondani, amayi, ndi mkwiyo wanga womwe.

Ndine mwana wanu,
Esinati