Dzina la agogo a kumtsinje

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji? Kuno ku Wigston, kwa azungu kuno, tilipo, kupatula bondo langa lija munkati ndinatengera kwa bambo. Nkhwani wa kuseri kwa nyumba chaka chino wachita bwino, mpaka ndagawirako anzanga a kuchipatala. Kumudzi achimwene akuti chimanga chakwana, mtedza ndiwo wawakana.

Nkhani yaikulu nayi: mdzukulu wanu Tadala wachira, ndi mwana wamkazi. Ine agogo, mungakhulupirire? Kamwanako mphumi ndi yanu ndendende. Chimene chinatizunguza ndi dzina. Tadala, m'Chingerezi chake chija, anati akufuna dzina la amayi anu, poti lanu linapita kale kwa mwana wa achimwene. Koma dzinalo, Amayi, ine sindimalidziwa. Ine ndinakula ndikumva "aNaphiri" kapena "agogo a kumtsinje", basi. Ndikukumbuka nditakufunsani ndili kamtsikana, munandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kuti, "Iwe, amayi anga ndi mnzako?" Nkhani inathera pomwepo.

Kuno boma silidikira, mwana ayenera kulembetsedwa akadali wakhanda. Ndiye ndinayamba kufufuza. Achimwene sadziwa. Pamanda a agogo palibe cholembedwa, pali mtengo wokha. Tadala anasakasaka pa kompyuta, n'kungopeza anthu a eni. Anatsala ndi mng'ono wanu, amayi aang'ono a ku Malomo, ndipo nawonso chifuwa sichikuwapatsa mpata. Akapita iwowo, dzina lapita. Nditawaimbira anandiyankha kuti, "Mwana iwe, ndakalamba chonchi kuti ndiyambe lero kutchula amayi anga? Pakamwa panga ayi." Ndinawanyengerera, ndinati angonong'ona, ndinati auze mdzukulu alembe. Anakanitsitsa. Mtima wanga mukuudziwa, ndinadula foni osatsanzika.

Tadala ataona kuti ndikungokalipira mapoto, Loweruka anati tikapitidwe mphepo ku Rutland Water, dziwe lalikulu kum'mawa kwa Leicester. Tinatenga khanda, tinakalowa m'kanyumba ka matabwa komwe anthu amakhala chete n'kumaonera mbalame. Amayi, kuli nkhwazi kuno! Ndi zocheperapo kuposa zathu, kumaso zili ndi mzere wakuda. Tadala akuti ya mutu woyera mbee ngati yathu ili ku Amerika. Koma kagwiridwe ka nsomba ndi komweko. Imodzi inazungulira m'mwamba mosafulumira, n'kuima pamphepo ngati yaiwala kumene imapita, kenako phava! m'madzi, n'kutuluka nsomba ili m'zikhadabo.

Pamenepo ine ndinali nditachoka kale. Ndinali ku Bua, m'mawa, kumapazi kukuzizira, inu patsogolo ndowa ili pamutu. Nkhwazi ikalira mumtengo muja munkaima chilili, madzi akudonthera pakhosi, n'kuti, "Imani kaye, amayi ankaikonda imeneyi." Ndinamva ndithu fungo la sopo wanu m'kanyumba kaja.

Anandidzutsa ndi mayi wina wachikulire wosamalira malowo, amene anandibwereka choonera patali. Anandionetsa kamphete kumwendo kwa mbalameyo. Anati ndi kamphete kameneko amadziwa chisa chimene inabadwira, amake, ngakhale agogo ake. Kukayamba kuzizira zimauluka mpaka ku Afirika, kwathu konko, akuti chakumadzulo, ana paokha popanda wowalondolera, n'kudzabwereranso. Ndinachita nsanje, Amayi, nsanje yeniyeni. Mbalame kudziwika agogo ake, ine munthu wa mano onse ayi!

Titatuluka tinakhala pabenchi, Tadala akuyamwitsa. Mkwiyo unali utatha, kunangotsala chisoni. Ndinaimbira amayi aang'ono pa foni yoonana nkhope, osati kukafunsanso, koma kupepesa ndi kuwaonetsa mwana iwo asanatisiye. Kupepesa kwangako sanakumvere n'komwe. Anati, "Chotsa nkhope yakoyo, sendeza mwanayo." Ndinasendeza. Anamuyang'ana nthawi yaitali, akupuma movutikira. Kenako anaomba m'manja mwaulemu, monga tichitira kukafika akuluakulu.

"Sigele! Mwafika, Sigele? Ulendo wonsewu, mpaka kwa azungu?"

Ndinafunsa kuti Sigele ndani. Anati, "Ine ndikucheza ndi mwana, osati iwe." Ndipo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Ndinalira, Amayi, pabenchi pomwepo, azungu akudutsa ndi agalu awo. Tadala analitchula dzina la agogolo kangapo mpaka lilime linazolowera. Lolemba tinakalembetsa. Amayi aang'ono tsopano amaimba pafupipafupi, ndipo ine sandifunsa n'komwe kuti ndadzuka bwanji, amangoti aSigele agona bwanji.

Ngati muli nawo pafupi agogo, auzeni kuti mwanayu ali ndi mphumi yanu ndipo amayamwa ngati akuthamangitsidwa. Akayamba kuyenda ndidzabwera naye ku Bua, tidzaime pamene munkaima paja. Ndipo mundikhululukiretu, Amayi: akadzandifunsa dzina lanu, ine ndidzamuuza, mokweza, mpaka aligwire.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu wamakani uja,
Esinati, agogo ake a Sigele