Wanditchula Kuti Ababa, Ndiye Ndikalengeze Kuholo?

Aphungu,

Ine ndine wometa, ndili ndi kashopu ka mipando iwiri ndi galasi long'aluka pakona. Ine ndi mayi akunyumba tinakhala zaka zambiri opanda mwana, mpaka chaka chatha pamene tinatenga mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri kunyumba yosungira ana, zonse motsata malamulo. Chibwerereni wakhala akunditchula kuti "ankolo".

Ndiye Loweruka lina ndikumeta munthu, mwana uja analowa n'kunena kuti, "Ababa, amayi akuti mubwere mudzadye." Aphungu inu! Makina anaterereka, ndinalambula msewu pakati pa mutu wa kasitomala wosalakwa. Ndinangomumeta mpala, iye akulalata, ine misozi ili chuchuchu, mano onse pamtunda.

Ine ndimakonda mabuku olimbikitsa aja, ali mbwee pashelefu limodzi ndi zipeso. Onse amati ukaona zodabwitsa usabise, lemba kuti ena alimbe mtima. Basi ndinayambapo. Ndalemba mmene mwanayu anamupezera atasiyidwa pabenchi kuchipatala, mmene ankabisira buledi pansi pa pilo, mmene ankakodzera pogona atangofika. Ndimawerengera makasitomala, ena mpaka kufwenthera. A gulu lathu lowerenga mabuku akuti ndikawerenge kuholo ya laibulale mwezi wamawa. Ine, wometa, pa maikolofoni!

Koma dzana ndili mkati mowerengera makasitomala, ndinamuona mwana uja pagalasi ataima pakhomo, chikwama cha kusukulu chili kumsana. Madzulo patebulo anangoti, "Ankolo, ndipatsireni mchere." Mayi ake nawo sakundiyankhula. Kodi ndalakwa kusangalala? Kuholoko ndipite?

K.D., wa pafupi ndi siteji ya basi

Bambo K.D.,

Ndakondwa nanu, ndipo ndaseka mpaka anzanga muofesi muno kundicheukira. Kasitomala uja mukamupepesenso.

Kusangalala simunalakwe. Mwalakwa potenga za pansi pa pilo ya mwana n'kukaziyala pashopu. Mwaiwala kuti amene mumawametawo ndi makolo a anzake a kusukulu? Nkhani yokodza pogona ija ikamupeza pabwalo la masewero, inu kulibe.

Lero lomwe tsekani msanga. Mukhale pansi ndi mwanayo, mumupepese mwachidule, osati ndi ulaliki wa m'mabuku. Mumuuze kuti mbiri imeneyi ndi yake, ndipo simudzaiwerengeranso munthu. Amayi akenso muwapepese, muwapatse mapepalawo asunge. Mwana akadzakula adzasankha yekha chochita nawo. Makasitomala akafunsa kuti nkhani ija yafika pati, muziti yatha, kenako muwafunse za mpira.

Kulemba musasiye, dzanja muli nalo. Lembani za inuyo: zaka zodikira zija, mantha anu tsiku lokamutenga, msewu pamutu pa munthu. Zimenezo ndi zanu, ndipo kuholo pitani nazo, anthu akaseka n'kulimba mtima.

Chenjezo langa ndi ili: musamukakamize, musamunyengerere ndi maswiti kuti akutchuleninso "ababa". Dzinalo anakupatsani yekha, walitenganso yekha. Tsiku limene adzalibweze, mudzayambe mwazimitsa makina, mudzayankhe kuti, "Ndikubwera, mwanangu," ndipo musadzauze munthu aliyense, ngakhale ine.