Chakudya Chimene Chinagwira Ababa pa Msewu wa Kumwera

Puerto Barrios, Guatemala
17 Okutobala 2003

Okondedwa Achemwali Casilda,

Ndikhulupirira muli bwino ku Tijuana uko pamodzi ndi alamu a Rutilio ndi ana. Ine ndili bwino, kupatula mimba yomwe yagwira ntchito yoposa msinkhu wake m'masabata apitawa. Musadabwe ndi sitampu yachilendoyi. Sindinathawe pakhomo ngati anthu ena amene sindiwatchula. Ndatumidwa, ndipo amene anandituma mukuwadziwa kuti sakanidwa.

Chaka chatha simunabwere pa Tsiku la Akufa, ndiye ndiyambe ndi zimene munaphonya. Linali loyamba chimwalirireni Ababa. Amayi anakonza guwa loti anthu a mumsewu mwathu onse anabwera kudzaona: maluwa achikasu mpaka kudenga, makandulo, chithunzi cha Ababa atatsamira lole yawo, ndipo pakati penipeni mbale ya mole, msuzi wawo wakuda uja amathera masiku akupera tsabola ndi koko wake. Tsikulo litadutsa tinakhala pansi kudya za paguwa. Mukudziwa mmene zimakhalira: wakufa akabwera amadya fungo ndi kukoma konse, ife n'kutsala ndi zozizira zosamveka kanthu. Koma azakhali a Chona ananyambita supuni n'kulankhula asanaganize.

"Koma alamu, mole uyu akukoma ngati wangophulidwa kumene!"

Amayi anaika supuni yawo pansi. "Ndiye kuti sanabwere."

"Mwina analibe njala," ndinatero ine.

"Bambo ako? Opanda njala? Khala chete, Fidencio."

Chaka chonse nkhani yakhala yomweyo. Amayi akudya ngati mbalame, ndipo madiresi awo ayamba kuwakulira. Mwezi watha anandiitanira kukhitchini. Anati, "Munthuyu anayenda msewu wa kumwera zaka makumi atatu. Kuli chimene ankadya kumeneko, ndipo chamugwira. Pita ukachipeze chisanafike chaka china choti ndiyatsire makandulo mpando wopanda munthu. Ngati chili ndi mwini wake, undiuzenso dzina lake. Sindine mwana ine." Anandipatsa chitini cha mole wouma, monga ankachitira ndi Ababa ulendo uliwonse. Ndinapempha tchuthi kusitolo ya mankhwala, ndinatenga chithunzi chija, n'kukwera basi.

Ku Tapachula madalaivala a malole anandilozera malo odyera a Don Chuy Wong, nkhalamba yomwe agogo ake anachokera ku China. Achemwali, munaonapo moto ukulumphira m'chiwaya wophika osathawa? Bamboyo amaduladula chilichonse ting'onoting'ono, nkhumba, jinja, kabichi, n'kuzizunguza pamoto kanthawi koti inu simungamalize Atate Wathu. Ndinawafunsa chifukwa chake patebulo panalibe mpeni.

"Mpeni ndi wa wophika," anatero. "Mlendo akagwira mpeni ndiye kuti wophika anachita ulesi."

Ndinadya mpaka ndinamasula lamba, ndipo mumtima ndinati nchimenechi. Ndinatulutsa chithunzi.

"Cheto!" anafuula. "Ndiwe mwana wake? Makutu ndi omwewo, pepa. Chitini wabweretsa?"

"Chitini chanji, bambo?"

"Usandipusitse, mnyamata. Chofiira, chophwanyika m'mbali. Ndachisowa zaka ziwiri."

Nkhani yake ndi iyi, ndipo muyambe mwakhala pansi. Pa ulendo Ababa sankadya mole wa Amayi. Ankati amawapatsa chilungulira mpaka m'mawa. Akafika ku Tapachula ankatapira Don Chuy gawo lake, iwo n'kulandira mpunga woyera ndi msuzi wa nkhuku wopanda tsabola, chakudya cha odwala. Don Chuy amathira mole wa Amayi pa bakha wowotcha, ndipo akuti ana awo onse anakwatira ndi bakha ameneyo patebulo. Kwathu kuja Ababa ankapukuta mbale ndi chala n'kunena kuti palibe mkazi wophika ngati Eufrosina wawo kuchokera ku Tehuantepec mpaka kunyanja. Sankanama. Ankangobisa kuti umboniwo anautenga kwa anthu ena.

Ndinawatapira Don Chuy gawo lawo. Ndikanatani?

Nditawoloka malire kulowa m'Guatemala ndinatsikira ku Escuintla, kumene mayi wina wa ku El Salvador, Doña Tencha, amagulitsa mapupusa pafupi ndi poimika malole. Ali ngati matortiya athu, timikate topyapyala ta chimanga tija, koma onenepa, oika nyemba ndi tchizi m'kati asanawotchedwe, ndipo pamwamba amaunjikapo kabichi wowawasa. Ufa ndi womwewo wa chimanga, chiwaya n'chomwecho, koma anthuwa anaganiza zobisa ndiwo m'kati pomwe ife timaziika pamwamba. Ndakhala ndikudzifunsa kuti ndani anayamba kuganiza zimenezi, ndipo ankabisira ndani. Ndinapempha foloko.

"Foloko? Iwe mwana wa Cheto, ukufuna ndikuthamangitse ndi chikuni? Mulungu anakupatsa zala zingati?"

Ndinali ndisanatulutse chithunzi n'komwe. Makutuwa ndi chiphaso chokwanira pa msewu uno. Kenako anandifunsa ngati bondo la Doña Eufrosina linapola, ndiponso ngati azakhali a Chona anasiya kulowerera za eni. Mayi amene sanapondepo kwathu! Poti Amayi anandituma kudzafufuza dzina, ndinafunsa mozungulira ngati iwo ndi Ababa ankadziwana kwambiri. Anaseka mpaka anagwira mzati.

"Ine ndi Cheto? Munthu wonunkha dizilo uja? Mwana iwe, ine ndinkakonda amayi ako. Bambo ako anali wonyamula chitini chabe."

Nditafunsa chimene Ababa ankadya, anakweza mapewa. Anati mapupusa ankadya imodzi mwaulemu, kenako ankapempha tortiya wamba n'kuisiya pachiwaya mpaka ide. Ine ndinangoti ndi khalidwe la madalaivala, anthu amene amamwa khofi wotentha pa galimoto yoyenda. Ndinawatapira gawo lawo n'kupitiriza.

Kuno ku Puerto Barrios ndi kumene msewu wa Ababa unkathera, padoko. Mvula imagwa ngati ili ndi mlandu ndi munthu. Mayi amene ankawadyetsa kuno ndi Mama Ligia, wa mtundu wa Agarifuna a m'mphepete mwa nyanja muno, wamtali, wa mawu oti akaitana mwana wake amabwera ndi ana a eni omwe. Anandiphikira tapado. Achemwali, ndakhala zaka zonsezi ndikuganiza kuti kokonati ndi womwa pa dzuwa basi. Iwo amamupala, kumufinya, ndipo m'madzi oyerawo amaphikamo nsomba yathunthu, nkhanu ndi nthochi zosapsa. Nthochi zina amazisinja mumtondo mpaka zigwirane, zoti uzitapira msuziwo. Tsabola amakuikira pambali, kuti ukadziwotcha usanamizire munthu. Ndinadya mpaka mbale inayera. Nditamaliza ndinati, "Mama, ulendo wanga wathera pano. Chimene chinagwira Ababa ndi ichi. Ndiphunzitseni."

"Cheto? Nkhanu ankaziopa ngati apolisi apamsewu. Ankati chinthu choyenda chammbali sangachikhulupirire."

"Nanga ankadya chiyani, Mama? Munthu sangayende zaka makumi atatu ndi mpunga woyera."

Anatuma munthu kukagula matortiya kwa neba, poti iwo sakonda kuwotcha zimenezi. Anaika imodzi pachiwaya n'kupinda manja. Inafufuma, inachita mawanga, inayamba kufuka. Ndinatambasula dzanja kuti ndiichotse, iwo anandimenya pa chala.

"Ndi mmene ndinkachitira inenso," anatero. "Ndinkakalipa kuti akundidetsera chiwaya. Iye ankati, 'Musachotse, mayi. Sinafike pa Casilda.'"

Akuti kale Ababa ankabwera ndi kansalu kakekake pansi pa dengu, kodzaza matortiya akuda ngati makala. Mole ankagawa, tchizi ankagawa, ngakhale fodya, koma kansalu kameneko munthu sankakagwira. Ankadya yekhayekha ndi mchere, atakhala pa tayala, n'kumauza aliyense kuti waphika ndi mwana wake wamkazi amene amawotcha matortiya buku lili kudzanja lina. Ndiye chaka china kansaluko kanaleka kubwera. Kuyambira pamenepo anayamba kuzipserezera okha pa ziwaya za eni.

Chaka chimenecho mukuchidziwa kuposa ine. Ndikukumbuka Amayi akumanga matortiya anu opserera pakansalu n'kuuza Ababa kuti akaponyere agalu a m'njira. Ndikukumbukanso tsiku lija abale a alamu a Rutilio anabwera kudzakupemphani, Amayi n'kutulutsa tortiya yanu yakuda pamaso pa alendo n'kunena kuti aone bwino chimene akutenga. Anthu anaseka. Inu simunaseke, ndipo kuchokera tsikulo simunalowenso m'khitchini muja, ngakhale pa maliro a Ababa pomwe munaima pakhomo chikwama chili m'manja. Sindikuweruza mlandu umenewo. Ine ndinali m'gulu la osekawo, ndipo ndinali ndi tortiya yabwino m'kamwa.

Ya Mama Ligia ija ndinaidya. Sindinganame kuti inakoma. Imawawa, imaphwanyika ngati chigoba, ndipo utsi wake unandilowa m'maso kwa nthawi yaitali ndithu, mpaka mayiwo anapita kukayang'ana nkhuku zawo zomwe sizinkafuna kuyang'anidwa.

Tsopano ndikuganiza kuti chaka chatha Ababa anabwera. Anaona mole, anayang'ana uku ndi uku kusowa woti asinthane naye, n'kubwerera ndi njala.

Dzulo ndinaimbira Amayi foni. Ndinawauza kuti dzina lawo likudziwika kuchokera ku Tapachula mpaka padoko lino, ndipo pali bakha wa Chitchaina amene sakwatitsa mwana popanda iwo. Za chilungulira sindinanene, ndipo inunso musadzanene, ngakhale mutakwiya chotani.

"Nzimene ndinakutuma zimenezo?" anatero. "Wachipeza kapena ayi?"

"Ndachipeza, Amayi. Koma sichinyamulika. Amachidziwa ndi munthu mmodzi yekha."

"Ndi mkazi?"

"Inde."

Ndinamva akukoka mpando. "Amaphika kuposa ine?"

"Ayi, Amayi. Sadziwa kuphika n'komwe."

Kenako anati, "Ndiye ndamudziwa." Anawonjezera kuti, "Umuuze kuti chiwaya changa chatsopano asachigwire. Chake chakale chija chili kuseri kwa nkhuni. Sindinachitaye."

Ndiye ndakuuzani. Ndikudziwa kuti mukaona nambala ya kwathu simuyankha, n'chifukwa chake ndalemba, ndipo kalatayi ndaitumiza pa yachangu kuti musadzanamizire a positi. Ine ndikhoza kupsereza tortiya, aliyense akhoza. Mama Ligia anapsereza yawo bwinobwino, koma akuti Ababa ankaidya n'kupukusa mutu, amvekere yayandikira chabe. Ndinyamuka mawa, ndipo ndikafika kwathu maluwa a Tsiku la Akufa asanayambe kugulitsidwa pamsika. Chitini chatha. Ndabweza m'menemo jinja wa Don Chuy, botolo la kabichi wowawasa ndi mafuta a kokonati oti Amayi azipaka bondo. Sindikudziwa kuti ndikawafotokozera bwanji kuti mphatso zonsezi n'zolipira chiyani.

Mundiperekere moni kwa alamu a Rutilio, muwauze kuti anthu ena anaona bwino chimene ankatenga. Moni kwa Nayeli ndi Beto, amene agogo awo amawadziwira pa chithunzi chokha. Akupatsani moni Don Chuy, Doña Tencha ndi Mama Ligia, omwe akudziwa kuti munapambana mayeso a masamu, kuti munathyoka dzanja mutagwa mu mtengo wa mango, ndiponso kuti simubwerera m'mbuyo mukanena kanthu. Chomalizachi akuti Ababa ankachinena monyadira, koma ine ndikupempha kuti chaka chino muwachititse manyazi pang'ono. Amayi sanapereke moni. Anangofunsa ngati mumadyabe mapapaya, poti mtengo uja wabereka ndipo akuletsa aliyense kuthyola.

Mukabwere ndi buku. Opanda buku mwina mungaiphike bwino, ndiye tonse tavutika pachabe.

Ndine mlongo wanu wa makutu aja,

Fidencio