Ovolosi ya Kings

Amalume,

Landirani moni wochokera kuno ku Kawale. Tilipo, koma ine mtima ukuwawa.

Mlongo wanga Kings amachedwa kumvetsa zinthu, inde. Koma chiyambireni kupala matabwa kwa kalipentala ku Mchesi, ankasamba osauzidwa, ndipo ana anasiya kumutcha chitsiru. Inu mutabwera kudzacheza, munakauza abwana ake kuti "wodwalayu" asamagwire zida. Anakutumani ndani? Amuchotsa ntchito.

Pano amadzukabe m'mamawa, kuvala ovolosi yake, n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa. Chakudya akukana. Zimene anandiuza dzulo sindingathe kuzilemba.

Mukuti tim'tumize kumudzi akapume. Amalume, Kings sanatope.

Mupereke moni kwa onse ku Ekwendeni.

Ndine mwana wanu,
Temwa