Nyumba Imodzi Yosathyoledwa

14 Malichi

Okondedwa msuweni,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wapolako. Ine ndilipo.

Chiyambire Januwale, kutsidya kwa msewu waukulu akuba athyola nyumba zitatu, kuseri kwa msika ziwiri. Mumsewu wathu wa nyumba khumi ndi ziwiri athyola khumi ndi imodzi, zonse masana eni ake ali kuntchito. Yotsala ndi yanga.

Dzulo amayi a pakona anandifunsa pachipata kuti, "Agogo, tiuzeniko, mlonda wanu ndani?" Sanaseke.

Mwana wanu akudya bwino kuno. Ntchito sanaipezebe, koma nsapato pakhomo la chipinda chake zafika mapeyala asanu. Anabwera ndi peyala imodzi yokha.

Chonde bwerani mudzamuone Loweruka lisanafike. Tsikulo anansi ali ndi msonkhano. Aitana mabanja khumi ndi limodzi, ine sanandiitane.

Ndine msuweni wanu,
Mphunzitsi wopuma