Tsiku Limene Zilembo Zinakula

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti mwendo wa amayi uja unaleka kutupa. Kuno tilipo. Mlamu wanu akupereka moni. Mwana wathu wayamba kuwerenga yekha, moti chikwangwani chilichonse cha mumsewu sachisiya, mpaka tatopa naye. Nsalu munatumiza ija inafika, tinamusoketsera diresi. Musadabwe ndi kunenepa kwa envulopuyi ndi kukula kwa zilembozi, makina athu osindikizira ali ndi masiku ake.

Ndikudziwa kuti mumayamba mwawerenga nokha musanawawerengere amayi. Chonde, iwo muwawerengere mpaka pa diresipo basi, kenako mupinde pepala. Za zilembozo mudumphe, amayi ndi ochenjera. Zotsalazi ndi zanu nokha.

Makina osindikizira alibe mlandu, achemwali. Ndazikulitsa ndekha kuti ndizitha kuona zimene ndikulemba.

Mwakhala mukundiseka kuti ntchito yanga simuimvetsa, ndiye lero ndikufotokozereni pang'ono kuti mumve mmene ndagwidwira. Mu ofesi mwathu muli chipinda chachikulu chodzaza anthu otaipa makalata ndi mafomu. Makompyuta awo ndi sikirini ndi kiyibodi chabe, mkati mulibe kanthu. Ngakhale maonekedwe a zilembo zimene amaziona pa sikirini si awo. Amachita kuwapempha kudzera pa mawaya kwa kompyuta imodzi imene timaitcha seva ya zilembo, ngati mmene mudzi wonse umatungira pachitsime chimodzi. Sevayo imakhala m'kachipinda kopanda zenera, ndipo woisamala ndine. M'sevamo muli fayilo imene ndimalembamo mafoda a zilembo motsatana. Kompyuta ikapempha zilembo, seva imayamba kufufuza mu foda ya pamwamba, ndipo zimene yapeza koyamba ndi zomwe imapereka. N'chifukwa chake kuno dzina langa linaiwalika, onse amangonditcha a Zilembo.

Maso anayamba kundivuta chaka chatha. Poyamba ndinkati n'kutopa. Kenako m'mphepete mwa chilichonse munayamba kuoneka mbuu, ndipo ndinayamba kugunda mipando imene yakhala pamalo ake chibwerereni ine pano. Mukukumbukira mmene amayi ankagwetsera makapu n'kumakalipira ife kuti tawaika pakamwa pa tebulo? Ndi zomwezo. Ndinagula kagalasi kokulitsira zinthu, n'kumayenda nako m'thumba la malaya. Ndikalowa m'kachipinda ka seva ndinkatseka chitseko kaye ndisanakatulutse. Mlamu wanu ndinamuuza kuti ndi ka ntchito.

Loweruka lapitalo masana, anthu ataweruka, ndinati ndidzithandize. Ndinasonkhanitsa zilembo zikuluzikulu, zonenepa, mu foda yangayanga, n'kuzipatsa dzina la zilembo za masiku onse zija, kuti kompyuta yanga ikamapempha izilandira zimenezi. Foda imeneyo inayenera kudziwika kwa kompyuta yanga yokha. Koma dzanja linatsata chizolowezi chake. Ndinakailemba m'fayilo ya seva, pamwamba penipeni, n'kuyatsanso sevayo. Nditaona sikirini yanga yawala bwino, ndinatseka ofesi n'kupita kunyumba ndikuimba mluzu.

Lolemba ndisanalowe n'komwe ndinamva phokoso. Abale inu! Sikirini iliyonse m'chipindamo inali ndi zilembo ngati za pachikwangwani cha sitolo. Mawu amodzi kudzaza mzere wonse, mafomu osefukira, pena dzina la munthu kuduka pakati. Wina anakuwa kuti, "A Zilembo, kodi mwazithira feteleza?" Onse anafa nalo phwete. Wina akuti azikataipira panja poti akuona ali pakhomo.

Apa pali chinthu chimene sindinauze munthu aliyense. Nditaima pakhomo paja sindinachite mantha msanga. Ndinakondwa. Ndinayenda pakati pa madesiki ndikuwerenga sikirini iliyonse, uku ndi uku, osawerama, osatsinzina. Ndinali nditaiwala kuti kuwerenga n'kopepuka chonchi, kuti munthu umangoponya maso basi mawu n'kubwera okha. Anthu onse akudandaula, ine mtima uli mbee. Ndinachita dala kuyenda pang'onopang'ono.

Kenako anatulukira abwana. Timawatcha a Mkuntho, chifukwa akamayenda mapepala amauluka. Sanakalipe. Anangoti, "A Zilembo, ntchito yaima. Tiyeni mukonze ndikuona." Anaima kumbuyo kwanga, mpweya wawo ndikuumva pakhosi. Ndinatsegula fayilo ija pa desiki panga mofulumira, ndipo pofufuta mzere wa foda yanga ndinafufutira limodzi ndi mzere wotsatira, wa zilembo zenizeni. Nditaizimitsa seva kuti iyambirenso, inakana kudzuka. Masikirini onse anauma gwa, ndi yanga yomwe.

Seva ikafa, potsala pogwirira ntchito ndi pamodzi pokha, pa kasikirini kakuda ka m'kachipinda kaja. Tizilembo ta pamenepo sitichokera kwina, ndi tobadwa nato, ndipo palibe angatikulitse. Ndinalowa, abwana ali pambuyo, chitseko chili pululu. Uthenga wonena chimene chalakwika unali pomwepo pamaso panga. Ine ndimangoona timizere toyera ngati nyerere.

"Ikuti chiyani?" anafunsa abwana.

Ndinayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"A Zilembo, ndati ikuti chiyani?"

Pali mayi wina wachikulire amene amataipa pakona, timangowatcha mayi a pakona. Anali ataima pakhomo. Anawerenga uthengawo mokweza, ngati akungodandaula okha: "Ii, akuti sakupeza zilembo zoyambira. Makina amenewa ndiye amwano." Ndinadziwa kuti akundiponyera chingwe, ndipo ndinawathokoza mumtima. Koma kumva vuto si kulikonza. Ndinayenera kutsegula fayilo, kupeza malo ake, kulembanso mzere uja. Ndinakhala kakasi, zala zili pa kiyibodi. Kunja anthu akudikira. Ndiye ndinapisa dzanja m'thumba, achemwali, n'kutulutsa kagalasi kanga, abwana akuona.

Ndinakonza ndithu. Seva inadzuka, masikirini anabwerera mwakale, ndipo kuchipinda chachikulu ena anaomba m'manja. Nditatuluka ndinadutsanso pakati pa madesiki omwe aja. Sindinathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi.

Abwana sanandinyoze, ndipo bola akanandinyoza. Anandiitanira ku ofesi kwawo, anandikokera mpando ndi dzanja lawo, n'kundifunsa kuti zinayamba liti. Anandipatsa tsiku loti ndikaonane ndi adokotala a maso. Ndinapita dzulo. Anandithira mankhwala m'maso, anaunika, anaunikanso, kenako anafunsa ngati kwathu alipo wina amene anasiya kuona. Nditatchula amayi, adokotalawo anangogwedeza mutu. Ndinafunsa za magalasi, akuti sangathandize. Za opaleshoni, akuti si nthenda yake. Akuti chimene chapita sichibwerera, ndipo chotsalachi chizipita pang'onopang'ono. Ndinawafunsa kuti mpaka liti. Anati sangalonjeze.

Ngati kuti zimenezo sizikukwana, lero abwana andiuza kuti kampani inagwirizana kale zogula makompyuta atsopano, iliyonse yokhala ndi zilembo zakezake m'mimba mwake. Seva yanga idzazimitsidwa. Akuti adzafuna munthu woyenda desiki ndi desiki, wotsegula makina, wowerenga tinambala ta pa tizipangizo. Anayankhula akuyang'ana pazenera. Akuti tikambirane Lachisanu. Ine si mwana, ndikudziwa zimene amakambirana Lachisanu. Seva ija ndimaidziwa ngakhale nditatsinzina, ndipo ndinkadzitonthoza kuti maso akatheratu ndidzaiyendetsabe ndi zala, wina akundiwerengera. Tsono ikupita nthawi imodzi ndi maso. Ndatsala ndi chiyani, achemwali? Ntchito ina ndiidziwa iti?

Mayi a pakona anandipeza pa nthawi yopuma, n'kundinong'oneza kuti, "Mwana wanga, zazikulu zija simungandibwezere kwanga kokha? Nanenso za pafupi ndimangoyerekeza." Ndawaikira, bwinobwino ulendo uno, pa kompyuta yawo ndi yanga basi. Tinaseka mpaka misozi, koma yanga sinali ya kuseka.

Mlamu wanu ndamuuza dzulo. Sanalire pamaso panga, anangopita kukachapa zovala zimene anachapa kale. Mwana sakudziwa. Iye amangosangalala kuti bambo ake amamufunsa nambala ya basi iliyonse ikamabwera, akuyesa ndi mayeso. Ndikamuyang'ana m'maso mtima umandipweteka, poti adokotala akuti zimayenda m'magazi.

Chimene chikundidya kwambiri ndi amayi. Mukudziwa mmene amauzira aliyense wobwera kudzawaona kuti Mulungu anawalanda maso awiri koma anawasiyira ena kutauni. Ndikabwera amandigwira kumaso n'kunena kuti, "Maso anga afika, tandiuza dziko likuoneka bwanji." Ndidzawayankha chiyani? Akamva adzati ndi iwo andipatsira, ndipo adzadziimba mlandu mpaka kumanda. Amati ukabisa matenda maliro adzaulula, ndikudziwa. Koma ndibisireniko kaye, mwana wa amayi anga, mpaka ndipeze pakamwa ponenera.

Ndili ndi zopempha. Mukamandiyankha musalembe ndi bolopeni yanu yowonda ija. Mubwereke cholembera chakuda chonenepa kwa ana asukulu, mulembe zikuluzikulu, ngakhale mawu akhale ochepa. Ndikufuna kalata yanu ndiwerenge ndekha nthawi ikadalipo. Munditumizirenso chithunzi cha amayi ndi cha ana, chojambulidwa pafupi, nkhope zokhazokha. Musachedwe nacho.

China n'chovuta. Tsiku lina mukamacheza ndi amayi, muwafunse ngati nkhani wamba, osatchula ine. Muwafunse kuti chinatsiriza kuzimirira n'chiyani, nkhope za anthu kapena kuwala kwa pakhomo. Muwafunse ngati kumakhala bii, kapena mbuu ngati mmene ndikuonera panomu. Muwafunse kuti anaphunzira bwanji kuyenda kuchoka pabedi kukafika pakhomo osagwira munthu. Ndinali pomwepo zonsezi zikuchitika, koma sindinafunsepo. Mumvetsere bwino, mudzandilembere zonse.

Moni kwa alamu, muwauze kuti wailesi yawo ija abwere nayo msanga ngati akufunabe kuti ndiikonze. Moni kwa ana onse, muwauze kuti amalume akufuna kudzawaona asanakule. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga. Akafunsa ngati kalata yathera pa diresi, muwauze kuti pali mzere wina umodzi, wakuti maso awo ali bwino kutauni kuno, ndipo abwera posachedwa kudzawauza mmene dziko likuonekera.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
amene kuno amamutcha a Zilembo